Tinawamangira Ndende Kudimba

Mwana anali asanagwe ndi mchombo womwe pamene bambo ake anagwidwa m'nkhalango ya boma kumtunda kwa Mua, chipika cha mlombwa chili paphewa. Ankati akagulitse kwa osema ziboliboli kuti tipeze sopo ndi kansalu kofunditsa mwana. Ine ndinali m'chikuta, kupolisi sindinapite, kukhoti sindinapite, ndinkangomva za m'kamwa mwa anthu obwera kudzaona mwana, uyu akuti apita chaka, uyo akuti a mlombwa sabwerako msanga, wina akuti ndiyambiretu kuzolowera. Ndinali mtsikana ndithu, sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndipo njinga ikangoima pabwalo mtima unkandithawa.

Kukhoti kunapita amalume, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Iwowa anakhalako kundende kale, nthawi ya chipani chimodzi, chifukwa cha msonkho, ndipo chibwerereni kumeneko nkhani iliyonse ya ndende m'mudzi mwathu inkafunsidwa kwa iwo. Tsiku lachigamulo anabwerera masana, mkamwini wawo akuwatsata pambuyo, wopanda unyolo, wopanda wapolisi. Anafotokoza kuti woweruza wati ndende zadzaza, ndipo munthu wa kamlandu ngati aka si bwino akasakanikirane ndi zigawenga. Azigona kwawo, azisamala banja, koma m'mawa uliwonse azipita kusukulu ya pulayimale kukagwira ntchito yaulere mpaka dzuwa pamutu, kwa miyezi ingapo. Chilango chakecho amati komyuniti. Akangojomba, basi, ndende yeniyeni.

Ndinalira ndi chimwemwe, koma m'nyumba sanalowe nthawi yomweyo, chifukwa anali atagona m'chitokosi cha apolisi. Kwathu munthu wotuluka m'ndende salowa m'mudzi chilowelowe. Amaima pamphambano, amamumeta mpala, amamusambitsa mankhwala a m'phale, zovala zonse amazitentha, kuti tsoka la kumeneko litsale kunja. Akalowa osasamba, tsokalo silimugwira iye, limafunafuna wofooka wa m'nyumbamo. Wofooka wa m'nyumba mwathu anali m'manja mwangamu, liwombo likugunda ngati kachule.

Ndinenepo apa kuti ameneyu anali wachiwiri. Woyamba tinamutaya asanayambe n'kuseka komwe. Kuchipatala anati malungo, amayi anati anamunyamula munthu wochokera kumaliro asanasambe. Ine sindinadziwe wokhulupirira, ndinangotsala ndi mantha a zonse ziwiri. Ndiye neti ndinkaitsitsa dzuwa likanali, ndipo aliyense wofuna kunyamula mwana ndinkamuyang'ana kumapazi kaye kuti fumbi lake lachokera kuti.

Anawameta, anawasambitsa, malaya ndi buluku zinapsa, analowa. Ananyamula mwana, anadya, anagona. Ine ndinati zatha.

M'mawa mwake anatenga chikwakwa n'kupita kusukulu kuja. Dzuwa lili pamutu ndinali pakhonde ndikuyamwitsa, maso ali kunjira, ndipo ndinawaona akubwera, koma ndinaonanso amalume atakhala pansi pa mlambe wa pamphambano, phale pambali, lezala m'manja, machesi pabondo. Ndinabereka mwana n'kuthamangirako, ndinaima chapatali.

"Imani pomwepo, akamwini. Mukuchokera kuti?"

"Kusukulu, apongozi."

"Kukaphunzira?"

"Kukatchetcha."

"Wakutumani ndani?"

"Boma."

"Mukanakana?"

Bambo a mwana anatsitsa chikwakwa pansi.

"Ndiye mwatuluka. Vulani."

Anayesa kufotokoza kuti kusukulu kulibe mpanda, kulibe msilikali, kuli ana okhaokha ndi mbuzi za aphunzitsi, ndipo anamwako ndi madzi pamjigo ngati munthu wina aliyense. Amalume anati iwo ndende amaidziwa, si mpanda ayi, ndi kugwira ntchito ya boma wosalipidwa uku ukuopa. Anawafunsa ngati alipidwa. Anawafunsa ngati sakuopa. Kenaka onse awiri anatembenukira kwa ine, ndipo ine ndinamva kamutu ka mwana katatsamira pamsana panga, kofunda, kopepuka ngati chipanda chouma. Ndinafuna kunena kuti asiyeni alowe, koma ndinakumbukira woyamba uja. Ndinayang'ana pansi. Malaya achiwiri anapsa.

Tsitsi linali litatha dzulo lake, koma amalume anapititsabe lezala pamutu ponse, ati mwambo sufunsa ngati pali tsitsi.

Zinayenda choncho tsiku ndi tsiku. M'mawa kulowa m'ndende, masana kutuluka, kumetedwa, kusamba, moto. Ana a sukulu ankaweruka nthawi yomweyo, ndiye ankabwera nawo pambuyo ngati akuperekeza gule, mpaka amayi anamanga kampanda ka mapesi kuseri kwa mlambe kuti mkamwini wawo azivulira m'menemo. Amayi ndi mkamwini sankayang'anizana, monga mwa chipongozi, choncho mankhwala ankasinja okha koma popereka ankalankhula ndi nkhokwe ya pafupi pamenepo. Ankaiuza nkhokweyo kuti munthu azitsuka ndi kuseri kwa makutu komwe, nkhokwe osayankha, bambo a mwana n'kuyankhira kumpanda kuja kuti amva.

Loweruka ndi Lamlungu kunalibe ntchito, ndiye ankakhala mfulu, mutu uli mabala okhaokha. Ankakhala pamkeka ndi mwana pamiyendo osafuna kumupereka kwa wina, ine ndikuwerenga m'mutu zovala zotsala m'chikwama.

Ndinaganiza zokafunsa kwa ahedi, aphunzitsi aakulu a pasukulupo, amene khoti linawapatsa udindo woyang'anira chilangocho. Ndinkati munthu wophunzira akanena yekha kuti uyu si mkaidi, amalume amva. Ndinapita ndi amalume omwe kuti amve ndi makutu awo. Tinawapeza ahedi ataima m'mphepete mwa dzenje, m'katimo muli bambo a mwana akukumba chimbudzi cha atsikana, chifukwa udzu unali utatha. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinafunsa mwaulemu kuti kodi amuna angawa ndi mkaidi kapena si mkaidi. Ahedi anavula magalasi, anawapukuta, anaganiza nthawi yaitali ngati ndawafunsa samu.

"Mayi, kuyambira belu la m'mawa mpaka belu lowerukira ana aang'ono, ndi wa boma. Likangolira limenelo, ndi wanu."

Amalume anawathokoza kwambiri ahedi, anati ubwino wa sukulu ndi umenewo, munthu amanena chinthu chimodzi chomveka. Kuchokera m'dzenje muja munatuluka dothi fosholo imodzi, linagwera pafupi ndi mapazi anga, ndipo ndinalumpha kulithawa ndisanaganize n'komwe. Bambo a mwana anaona.

Malaya enieni atatha tinalowa m'matisheti a zipani. Chisankho chinali chitangodutsa, ndipo m'nyumba iliyonse munali a chipani ichi ndi icho, chifukwa kwathu aliyense wobwera ndi galimoto tinkamuvinira. Lero ankapita ndi nkhope ya uyu pachifuwa, masana nkhopeyo n'kupsa, mawa ya wina. Atcheyamani a chipani china, oyandikana nafe nyumba, anabwera atakwiya kuti aona mtsogoleri wawo akuyaka pamphambano. Amalume anawakhazika pansi n'kuwalonjeza kuti mawa kupsa wa anzawo aja. Atcheyamani anapita mtima uli m'malo, ndipo madzulo ake anatumiza matisheti a adani awo, kaya anawatenga kuti, ati tiyambire amenewo. A mbali inayo atamva anatumizanso awo. Zipani zinativeka mpaka thonje litayamba kuphulika m'minda.

Koma chipani sichigawa mabuluku. Anatha a bambo a mwana, anatha amene anasiya malemu bambo anga, akabudula ofupika ndi otalika, mpaka tinadula thumba la feteleza n'kusoka. Tsiku la msika ku Golomoti ndinkaima pakaunjika kufunsa buluku wong'ambika kwambiri, wotsika mtengo, wogulitsa n'kumandidabwa kuti mayi inu anzanu amasankha wabwino. Ndinkangoti ndi wa tsiku limodzi. Nkhuku zanga zinathera momwemo.

Linafika tsiku loti m'chikwama munatsala malaya oyera ndi buluku wakuda za kwaya ya kutchalitchi, zimene ankaimba nazo besi. M'mawa umenewo sanadzuke kupita. Anakhala pakhonde atadzikulunga bulangete, kunja kukutentha kale monga kumachitira kuno kuchigwa, fosholo ili yogona pansi. Ndinawauza kuti belu lalira. Anati amva. Ndinawauza kuti dzuwa lakwera. Anati aliona. Ndinawatulutsira za kwaya zija, anazitenga n'kuzikhalira.

"Amake mwana, bola ndende yeniyeniyo. Kumeneko amakupatsa chovala, ndipo umatuluka kamodzi."

Sanakalipe, anangonena ngati akunena za mvula, ndipo n'chimene chinandiopsa. Ndinaona zonse nthawi imodzi, galimoto ya apolisi, ulendo wa kumtunda kuboma umene sindikanaukwanitsa ndi khanda, anthu amene ndinawaonapo atabwerako akutsokomola, miyendo ili ngati bango, ndi ine ndekha m'nyumba ndi mwana woti akatentha thupi palibe wopalasa njinga kupita naye ku Mua. Ndinalowa m'nyumba, ndinatuluka, ndinalowanso. Ndinkafuna kunena kuti chabwino, mawa muzilowa osasamba, koma ndikayang'ana liwombo lija ndinkaleka.

Dzuwa litapendeka ahedi anabwera okha panjinga. Anakana mpando. Anati lero atseka maso chifukwa dzenje lili pakati ndipo alibe wina wolimaliza, komanso munthuyu ndi wolimbikira, nkhuni za phala la ana amabwera nazo zouma bwino osafunsa zambiri. Koma mawa akapanda kuoneka, iwo sangabise, akanena kukhoti. Ananena izi akuyang'ana bulangete lija, ndipo anafunsa ngati ndi malungo. Amayi anauza nkhokwe kuti si malungo.

Ahedi atapita tinakhala pabwalo, amalume, ine, amayi chakumbali atafulatira, bambo a mwana pakhonde. Amalume anati iwo sangasinthe mwambo umene sanauyambitse, wotuluka ndi wotuluka. Mawu amenewo anazungulira m'mutu mwanga, ndipo ndinangomva pakamwa panga patuluka funso.

"Nanga akapanda kutuluka?"

Ndinafotokoza mothamanga kuti dimba lathu lili tsidya la njanji, mbali yomweyo ya sukulu, ndipo munthu akhoza kuchoka kusukulu kupita kudimba osadutsa pamphambano, osaponda m'mudzi. Kuli msasa wolondera anyani. Akamagona kumeneko ndiye kuti sanatuluke, adzatuluka kamodzi chilango chikadzatha, kumeta kamodzi, moto umodzi. Amalume anati mwanayu sukulu anaisiya msanga, mutu ulipo. Koma anawonjeza kuti tsoka si chitsiru. Likaona munthu akugona mumsasa ngati mlonda, chitseko chili pululu, lidziwa kuti tikulinamiza. Ngati ili ndende, ikhale ndende.

Bambo a mwana anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati za kwaya zipsa. Amalume anati zidzapsa pamapeto. Anavomera.

M'mawa anavala malaya oyera aja n'kupita kukakumba chimbudzi, ndipo amalume anakondwa, ati akaidi enieni amavala zoyera. Amalumewo anatenga nkhwangwa n'kupita kudimba. Pofika masana msasa uja unali ndi zipupa za nsungwi, kawindo kamodzi m'mwamba, chitseko chomangira kunja ndi luzi, ndi chidebe pakona. Anadzisemera chibonga. Sindinawaonepo amalume akugwira ntchito ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo, ankaimba ndi mluzu womwe.

Malamulo anali a ndende imene anaidziwa iwo. Kudya kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nandolo, ndipo nandoloyo akhale ndi anankafumbwe pang'ono ngati alipo. Wobweretsa chakudya alawe kaye pamaso pa msilikali, ndiye ine ndinkalawa chakudya chophika ndekha, amalume akundiyang'anitsitsa pakhosi kuti ndameza. Mkaidi polankhula ndi msilikali anyonyomale. Madzulo ankawerenga akaidi, ndipo ankawerengadi, mokweza, n'kupeza kuti alipo mmodzi. Ndinapempha kuti Loweruka ndi Lamlungu azibwera kunyumba monga kale, anati ndende ilibe Loweruka. M'mawa ankamasula luzi, mkaidi n'kupita yekha kusukulu kukagwira chilango cha boma, kumene kunalibe womulondera, masana n'kubwerera yekha kudzatsekeredwa ndi ife.

Mwana sankaloledwa kuoloka njanji. Ndinkamusiya ndi amayi tsidya lino, ine n'kuoloka ndi bakuli, pobwera n'kusamba m'manja ndi kumaso madzi a m'phale ndisanamugwire. Ndikatero ndinkaima pamiyala ya njanji n'kumukweza m'mwamba ndi manja awiri, kuti bambo ake amuonere pakawindo kaja. Ankatulutsa dzanja n'kumagwedeza. Mwana ankayang'ana mbalame. Ndinkafuula kuti kusikelo ati wakwera, kuti wayamba kuseka, kuti dzulo anagwira chala cha phazi lake. Lamlungu m'mawa, tikamatunga madzi pamjigo, tinkamva besi yokhayokha ikuchokera kudimba, yopanda nyimbo pamwamba pake, ndipo amayi anzanga ankasiya kupopa kuti amve, kenaka n'kundiyang'ana, ine n'kumakonza nkhata.

Koma bambo a mwana sanajombenso. Chimbudzi chinatha, anayamba china cha anyamata. Tsitsi linamera. Tomato wa kudimba anabereka kuposa chaka china chilichonse, chifukwa amalume ankati ndende iliyonse ili ndi munda wake, ndiye madzulo ankawatulutsa kukathirira. Ine ndinayamba kugona tulo, pang'ono.

Tsiku lina Loweruka, mphepo ya mwera itayamba, pabwalo panaima njinga yamoto. Anatsika bambo wa jekete ndi chipewa cholimba, anati achokera kukhoti, amayendera anthu a komyuniti kuona ngati akukhala bwino ndi mabanja awo, chifukwa cholinga chake n'choti munthu asinthe ali pakati pa abale ake. Ine ndinali kuseri ndikuyanika matewera, ndipo ndisanafike amayi anali atayankha kale, moona mtima monga amachitira, kuti mkamwini wawo sagona pano, ndipo papita nthawi chimuonereni m'mudzi muno. Ndinamva bwanayo akuti ndiye kuti wathawa, ndipo wothawa mlandu wake umabwerera kukhoti. Anali atayamba kale kuvala chipewa chija.

Ndinatulukira ndi thewera lonyowa m'manja, mawu akupunthana, kuti sanathawe, alipo, ali pafupi, bwana tiyeni mukaone, chonde musalize njingayo. Ndinaponya mwana m'manja mwa amayi n'kuyamba kuthamanga, ndikucheuka kuona ngati akubwera, iwo akunditsata ndi nsapato zawo zogogoda m'mizere ya thonje, kudutsa njanji, kutsetsereka kudimba.

Tinawapeza amalume atakhala pachitsa pakhomo pa msasa, chibonga pamiyendo. Ataona jekete ya boma anaimirira n'kuwongoka ngati mtengo, anapereka sawatcha, n'kunena kuti zonse zili bwino, mkaidi alipo mmodzi, wadya, sakudwala. Bwana uja anayang'ana luzi, anayang'ana kawindo, anazungulira msasa wonse, anasuzumira. M'katimo bambo a mwana anali atanyonyomala kale, malaya a kwaya atasanduka mtundu wa dothi.

Amalume anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pamphambano mpaka pachidebe, akuyembekeza kuyamikiridwa. Bwanayo sanaseke. Anakhala pachitsa chija, anavula chipewa, anapukuta thukuta. Anati pantchito yake amatha mafuta kusakasaka anthu m'misika ndi m'mabawo, ndipo aka n'koyamba kupeza munthu ali pamalo amodzi. Kenaka anati koma madala, kutsekera munthu popanda chilolezo cha boma ndi mlandu, ndipo ndi waukulu kuposa wa mlombwa. Amalume anafunsa ngati mlandu wotero umapita kundende yeniyeni. Bwana anati kwa munthu wachikulire ngati iwo, woweruza akhoza kuwachitira chifundo n'kuwapatsa komyuniti. Ndinaona amalume akuyang'ana malaya awo. Anali nawo awiri okha, ndipo enawo anali pachingwe.

Bwana anawauza kuti amasule luzi, ndipo bambo a mwana anatuluka akuphethira. Bwanayo anawauza kuti aimirire, asanyonyomale, iwo si msilikali. Anati afunsa funso limodzi ndipo yankho lake ndi limene apite nalo. Ngati munthuyu akusungidwa muno mokakamizidwa, madalawa akwera nawo njinga lero lomwe, ndipo iye azikagona kunyumba monga linanenera khoti. Ine ndinaima pakati pa mizere ya tomato, thewera lija likadali m'manja, ndikudziwa kuti akagona kunyumba ndiye Lolemba moto uyambiranso, wosambitsa palibe, chovala palibe, ndipo pofika Lachiwiri adzakhalanso pakhonde ndi bulangete kudikira galimoto.

"Bambo, muli muno mwa kufuna kwanu?"

Sanayang'ane amalume, sanayang'ane ine. Anayang'ana tsidya la njanji, kumene amayi anali ataima chofulatira, kamutu ka mwana kakuonekera paphewa pawo.

"Mwa kufuna kwanga, bwana. Ndikulondera tomato."

"Nanga luzi la kunjali?"

"Mbuzi, bwana. Zimalowa."

"Chibongacho?"

"Anyani."

Bwanayo anawayang'ana, kenaka anayang'ana ine, ndipo sindidziwa chimene anaona pankhope panga. Anafunsa ngati ine ndi mkazi wawo, ngati ndimabwera tsiku lililonse, ngati ndimawaphikira. Ndinavomera zonse. Anati ndiye kuti munthuyu ali pakati pa abale ake. Analamula kuti luzi lizimangidwira m'kati, mbuzi sizidziwa kusiyanitsa, ndipo kuwerenga kwa madzulo kuthe. Amalume anapempha kuti kulawa chakudya kokha kutsale. Bwana anati zimenezo ndi za m'banja. Tinawathyolera tomato wodzaza chipewa chija, anabwerera nacho m'manja, mutu uli pamtunda.

Amalume sanachirenso msanga. Ankabwerabe kudimba koma chibonga anachisiya kunyumba, ankangokhala pachitsa kudandaula kuti ndende za masiku ano zatha mphamvu, mkaidi akudzitsekera yekha. Madzulo ndinkawaona milomo ikugwedera, akuwerenga chamumtima.

Chilango chinatha kukutentha, mango atayamba kuyezuka. Ahedi anawagwira chanza bambo a mwana pamaso pa ana onse n'kunena kuti akanakonda akanakhala ndi mlandu wina. Masana amenewo anabwera ndi njira ya pamphambano, ndipo mudzi wonse unali pamenepo, atcheyamani a mbali zonse ziwiri omwe. Tsitsi linali lambiri, amalume analimeta mosafulumira. Malaya a kwaya sanavute kuyaka, anali atatha kale. Anasamba kuseri kwa mapesi, amayi anauza mlambe kuti munthu atsuke ndi kuseri kwa makutu, ndipo anatuluka atamanga chitenje changa m'chiuno, chifukwa panalibenso china.

Ndinamasula mwana kumsana. Anali atayamba kukhala yekha, wolemera, mano awiri pansi. Manja anga anakana kaye, ndinawayang'ana bambo ake kumapazi, kumutu, m'zikhadabo, kufunafuna pamene madzi sanafike, amalume mpaka anatsokomola. Ndinamupereka. Mwana anayang'ana mutu wonyezimirawo n'kulira kulira kwenikweni, akutambasulira manja kwa ine, ndipo ndinali nditayamba kale kumulanda.

"Musiyeni, amake mwana. Alire pompano."

Ndinamusiya. Analira njira yonse mpaka kunyumba, bambo ake akumuimbira besi, chitenje chikuwakola m'miyendo. Masiku otsatira ndinkamugwira pamphumi kosalekeza, ndinkamuyang'ana m'maso, m'kamwa, m'thewera. Sanatenthe thupi. Kaya ndi mankhwala a m'phale, kaya ndi neti, mpaka lero sindidziwa, ndipo nditabereka wachitatu ndinachitanso mantha ndi zonse ziwiri.

Munthu womasulidwa uja sanathe kutuluka m'nyumba mpaka tsiku la msika. Anzake a kwaya ankabwera kudzamuona n'kumalankhula naye pawindo. Tsikulo litafika ndinamuyeza m'chiuno ndi kachingwe, ndinamanga mfundo, ndinasenza dengu la tomato kupita ku Golomoti. Nditagulitsa ndinapita pakaunjika paja, ndipo wogulitsa atandiona anayamba kale kufukula pansi pa mulu kufuna wong'ambika. Ndinamuuza kuti ayi, lero anditsitsire uyo wapachikidwa pamwambayo, ndione ngati msoko wake uli wolimba.